Khansa ya ozimitsa moto: umboni abweretse ndani?

Wozimitsa moto akagwa pamakwerero n'kuthyoka mwendo, nkhani ya chipukuta misozi sichedwa. Tsiku likudziwika, ola likudziwika, anzake anaona, ndipo dokotala ali ndi chithunzi cha fupalo. Amadzaza fomu, ndalama n'kutuluka. Koma wina akagwira ntchitoyi zaka zoposa 20, tsiku lina n'kuona magazi mumkodzo, kuchipatala n'kumuuza kuti ndi khansa ya chikhodzodzo, a inshuwalansi amamufunsa funso lomwe lija: munavulala liti, pamoto uti? Funsoli siliyankhika. Khansa sibwera ndi chidindo chosonyeza kumene yachokera, ndipo chotupa cha wozimitsa moto ndi chotupa cha mphunzitsi zimaoneka chimodzimodzi dokotala akaziyeza. Mkangano umene wakhala ukuchitika ku America, Canada, Australia ndi Britain kwa zaka zoposa 40 wagona pamenepa.

Chipukuta misozi cha pantchito chinayambira ku Germany mu 1884, nthawi ya Bismarck. Britain inatsatira mu 1897, ndipo ku America chigawo cha Wisconsin chinakhazikitsa lamulo lake mu 1911. Ku America ndi ku Canada lamuloli linali losinthana. Wantchito anataya ufulu wokasumira bwana wake kukhoti, ndipo m'malo mwake analonjezedwa kuti akavulala adzamulipirira kuchipatala, adzalandira gawo la malipiro ake nthawi yonse imene ali chigonere, ndipo akamwalira banja lake lidzapatsidwa kangachepe, popanda kufunsa kuti wolakwa anali ndani. Chimene ankafunika kusonyeza n'chimodzi chokha, chakuti vutolo lachokera kuntchito. Olemba malamulowa ankaganiza za dzanja lodulidwa ndi makina ndi za mgodi wogumuka. Matenda anadzawonjezedwa pambuyo, ndipo matenda obisala m'thupi zaka 20 kapena 30 asanaonekere sanakwanemo bwino mpaka lero.

Nyumba yamakono ikamapsa, si nkhuni zokha zimene zikupsa. Mumapsa matiresi a siponji, mipando ya pulasitiki, makapeti, penti, mawaya a magetsi, mafiriji. Bungwe loyesa katundu la UL ku America linayatsa zipinda ziwiri, china cha katundu wachikale wa matabwa ndi thonje, china cha katundu wa masiku ano. Chachikalecho chinatenga pafupifupi theka la ola kuti moto ukute chipinda chonse, pomwe chamakonocho sichinafike n'komwe mphindi zinayi. Utsi wa katundu wotereyu umakhala ndi benzene, formaldehyde, ndi gulu la mankhwala otchedwa PAH amene amadzadza mumwaye. M'nyumba zakale muli asibesitosi, amene denga likagwa amasanduka fumbi. Za mwaye ndiye n'zakalekale: mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anthu amene anakula akusesa m'machumuni ankadwala khansa ya pachikopa cha machende, ndipo analoza mwaye kuti ndiwo gwero.

Ambiri timaganiza kuti nthawi yoopsa ndi pamene malawi ali m'mwamba. Panthawi imeneyo wozimitsa moto amakhala atavala chophimba kumaso, akupuma mpweya wa m'silinda ya kumsana. Zimaipa malawi akazima. Ntchito imakhala isanathe: ayenera kugwetsa siling'i, kung'amba makoma, kutembenuza matiresi, kusaka makala obisala amene angayakenso usiku. Munthu watopa, thukuta lili kamukamu, silinda ikulemera, ndiye amavula chophimba chija n'kuchisiya chikulendewera pachifuwa, phulusa likufukabe. Akavula chisoti, m'khosi ndi kuseri kwa makutu kumakhala kuli bii. Mwaye umenewo sukhalira pamwamba pokha, umalowa pakhungu. Ofufuza akayeza mkodzo wa ozimitsa moto atangochoka pamoto amapezamo zotsalira za PAH, ngakhale mwa amene sanavule chophimba kumaso. Kale jekete lakudalo ankangoliponya kumpando wa kumbuyo wa galimoto yake, momwe mawa lake mukwere ana popita kusukulu. Kwa zaka zambiri chisoti chodetsedwa ndi mwaye chinali ulemu, chosonyeza kuti mwini wake ndi wolowa mkati, osati wongogwira payipi panja.

Pasiteshoni pali zakenso. Galimoto za dizilo zimalizidwa m'nyumba yomweyo imene anthu amadyeramo ndi kugonamo, ndipo utsi wa dizilo unaikidwa m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2012. Thovu lozimitsira moto wa mafuta, logwiritsidwa ntchito kwambiri pamabwalo a ndege ndi m'malo a asilikali, lili ndi mankhwala a PFAS amene sachoka msanga m'magazi. Ku Australia sukulu yophunzitsira ozimitsa moto ya Fiskville, m'chigawo cha Victoria, inatsekedwa mu 2015 atapeza kuti madzi a pamalopo anaipitsidwa ndi mankhwala.

Kudziwa kuti utsi ndi woipa n'kwina, kuwerenga odwala n'kwinanso. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa NIOSH, bungwe la boma la America loona za umoyo wa pantchito. Linatsata ozimitsa moto pafupifupi 30,000 a m'mizinda ya Chicago, Philadelphia ndi San Francisco amene anagwira ntchito pakati pa 1950 ndi 2009. Zotsatira zinatuluka mu 2013: opezeka ndi khansa anali ochuluka ndi 9 peresenti poyerekeza ndi anthu wamba a ku America, omwalira nayo anali ochuluka ndi 14 peresenti. Mesothelioma, khansa imene imagwira kachikopa kokuta mapapo ndipo kawirikawiri imayamba ndi asibesitosi, inali yowirikiza kawiri. Ndiyeno mu June 2022 akatswiri 25 ochokera m'mayiko 8 anakumana ku Lyon, France, kulikulu la IARC, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse yofufuza za khansa. Mu 2007 nthambiyi inkangoti mwina ntchito yozimitsa moto imayambitsa khansa. Ulendo uno inaikweza m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika, momwe muli fodya ndi asibesitosi. Inati umboni ndi wokwanira pa mesothelioma ndi pa khansa ya chikhodzodzo, ndipo ulipo koma ngoperewera pa khansa ya m'matumbo, ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), ya machende, ya pakhungu yotchedwa melanoma, ndi non-Hodgkin lymphoma, khansa ya maselo oteteza thupi ku matenda.

Wina angati basi, nkhani yatha, alipireni. Sizinathe. Gulu loyamba lija limangonena kuti chinthucho chimathadi kuyambitsa khansa. Silinena kuti chimadwalitsa anthu angati, ndipo silinena kanthu za munthu mmodzi amene waima pamaso pa woweruza. Tengani 9 peresenti ija. Ikutanthauza kuti pamene anthu wamba akanadwala 100, ozimitsa moto adwala 109. Mwa anthu 109 amenewa, 9 yawadwalitsa ndi ntchito. Enawo 100 akanadwalabe ngakhale akanakhala makalaliki kapena alimi. Nanga 9 aja ndi ati? Palibe makina, palibe dokotala amene angawaloze chala. Tsono lamulo la masiku onse limati wodandaula asonyeze kuti mpata woti ntchito ndiyo yamudwalitsa ukuposa theka. Aliyense mwa anthu 109 aja mpata wake sukufika ngakhale 1 pa 10. Ndiye kuti onse 109 aluza mlandu, kuphatikizapo 9 amene utsi unawadwalitsadi. Mukatembenuza n'kunena kuti onse alipidwe, mwalipiranso anthu 100 amene ntchito sinawalakwire. Njira yolipira 9 enieniwo n'kusiya enawo palibe. Choncho aphungu akamakambirana malamulowa, chimene akusankha n'chakuti kulakwitsako kugwere mbali iti, m'thumba la mzinda kapena pakhomo pa wodwala.

Britain inasunga muyezo wakale. Komiti yolangiza boma la kumeneko za matenda a pantchito, Industrial Injuries Advisory Council, kawirikawiri imafuna kuona kuti ntchito ikuwirikiza kawiri chiopsezo cha nthenda isanaiike pamndandanda wa zolipiridwa, poti apo m'pamene mpata wa munthu mmodzi umaposa theka. Mu 2021 inaunika za ozimitsa moto n'kupeza kuti, kupatula mesothelioma imene inali kale pamndandanda, khansa zinazo sizikufika pamuyezowo. Bungwe la ozimitsa moto a kumeneko, Fire Brigades Union, lakhala likulimbana nazo, likudalira kafukufuku amene Pulofesa Anna Stec anachita ku yunivesite ya Central Lancashire. Masamu a komitiyo ndi olondola. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi kusiyira masamu okha nkhani ya anthu amene boma lomwelo limawatuma kulowa mu utsi enafe tikuthawa.

America, Canada ndi Australia anasamutsa udindo wobweretsa umboni. Ku America chigawo cha California chinayamba mu 1982. Ku Canada chigawo cha Manitoba chinatsogola mu 2002, bungwe la ozimitsa moto a ku Winnipeg litachita kampeni, ndipo poyamba chinalemba khansa zisanu: ya muubongo, ya chikhodzodzo, ya impso, ya m'magazi ndi non-Hodgkin lymphoma. Ku Australia nyumba ya malamulo ya dziko lonse inavomereza bilu ya phungu Adam Bandt mu 2011, yokhala ndi khansa 12. Inkakhudza okhawo amene ali pansi pa inshuwalansi ya boma lalikulu, ndipo zigawo zinatsatira chimodzichimodzi. Lamulo lotere limati: wozimitsa moto akadwala khansa yolembedwa pamndandanda, atagwira ntchito zaka zotchulidwa, tizitenga kuti yachokera kuntchito. Ngati mzinda kapena kampani ya inshuwalansi ikukana, ibweretse umboni ndi iyoyo. Munthu amene akusanza ndi mankhwala a khansa asavutikenso n'kusaka akatswiri oti akamuikire kumbuyo.

Papepala zikumveka bwino. Koma m'malamulowa muli timizere ting'onoting'ono, ndipo milandu yambiri imafera pamenepo. Lamulo la Australia la 2011 linati khansa ya muubongo ndi ya m'magazi zimafuna zaka 5 za ntchito, ya m'mawere ndi ya machende zaka 10, ya chikhodzodzo, impso, prostate ndi m'matumbo zaka 15, ya kummero zaka 25. Zakazi zili ndi chifukwa chake, poti khansa imatenga nthawi kuti ikule. Komabe wa zaka 14 ndi theka amabwerera ku lamulo lakale lija, lodzisakira yekha umboni. Ndipo popeza chigawo chilichonse chili ndi mndandanda wakewake, anthu awiri amene anazimitsa moto umodzi wa m'nkhalango, wina wa tsidya lino la malire wina wa tsidya linalo, angadwale nthenda imodzi, wina n'kulipidwa wina ayi. Amayi ndiwo anatsalira kwambiri. Kafukufuku wakale anachitika pafupifupi pa amuna okhaokha, motero khansa za amayi sizinkaoneka m'ziwerengero, ndipo chosaoneka m'ziwerengero sichilowa pamndandanda. Ontario, chigawo china cha Canada, inadzawonjezera khansa ya khomo la chiberekero ndi ya thumba la mazira mu 2018, patatha zaka 11 lamulo lake litayamba.

Mzere umene umandiwawa kuposa yonse ndi wa nthawi ya pambuyo pa ntchito. Ku California chitetezochi chimamutsatira munthu miyezi itatu pa chaka chilichonse chimene anagwira, koma osapitirira zaka 10. Malire amenewa anawakweza mu 2010, kale anali zaka 5. Ku Pennsylvania, chigawo china cha America, lamulo la 2011 limapatsa munthu masabata 600 oti adandaule kuchokera tsiku lomaliza kukumana ndi utsi, koma kusamutsa umboni kuja kumagwira ntchito m'masabata 300 oyambirira okha, zomwe sizikwana zaka 6. Tsono mesothelioma, khansa imene umboni wake ndi wolimba kuposa zonse, imatha zaka 30 kapena 40 isanaonekere. Munthu anameza fumbi la asibesitosi ali ndi zaka 35, wapuma pantchito ali ndi 55, wadwala ali ndi 70, chitseko chinatsekedwa kalekale. Akuluakulu athu amene anapita ku Joni pa Wenela akuidziwa bwino nkhani yotere. Fumbi la m'migodi ya golide linadzawadwalitsa mapapo atabwerera kumudzi, makadi a ntchito atatayika, ndipo panafunika mlandu waukulu kuti mu 2019 khoti la ku South Africa livomereze thumba la R5 biliyoni limene likuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Ontario inachita mosiyana ndi Pennsylvania: lamulo lake limabwerera m'mbuyo mpaka kwa amene anapezeka ndi khansa kuyambira pa 1 January 1960, moti mabanja a anthu omwe anamwalira kale anapeza mpata wokatsegulanso madandaulo.

Palinso funso la mmene mzinda ungakanire. Malamulo ambiri amalola olemba ntchito kutsutsa, ndipo maloya awo amayambira pa fodya, mowa, kunenepa, zaka, ndi mbiri ya kumtundu: bambo anu anamwalira ndi chiyani? Ku Ontario khansa ya m'mapapo imawerengedwa pokhapokha ngati munthuyo sanasute fodya kwa zaka 10 asanapezeke nayo. Apo palibe angadandaule kwenikweni. Pamavuta ndi pamene mzinda wabweretsa katswiri wongonena kuti sayansi sinatsimikize zoti ntchito yozimitsa moto imayambitsa khansa ya mtundu umenewu. Woweruza akavomera zimenezo, lamulo lonse lapita m'madzi, chifukwa kusatsimikizika komweko ndiko kunachititsa kuti lilembedwe. Khoti lalikulu la Pennsylvania linaona zimenezi mu 2018, pamlandu wa wozimitsa moto wa ku Philadelphia amene anali ndi melanoma. Linagamula kuti wodwala angosonyeza kuti mtundu wa khansa yake ungathe kuyamba ndi mankhwala odziwika amene anakumana nawo pantchito. Akatero, mzinda sungapambane ndi ziwerengero za anthu onse. Uyenera kuloza chimene chinadwalitsa munthu ameneyu.

Mizinda nayo ili ndi mfundo, tisaitaye. Dandaulo limodzi la khansa lingatanthauze chithandizo cha zaka zambiri, malipiro a wodwala, ndi ndalama za wamasiye, zonsezo zochokera kumisonkho. Ku America pafupifupi 65 peresenti ya ozimitsa moto ndi odzipereka, ambiri a m'matauni ang'onoang'ono amene thumba lawo ndi lopanda mphamvu. Lamulo la Pennsylvania litangoyamba, makampani ena a inshuwalansi anasiya kuteteza magulu odziperekawa, moti ambiri anathawira kuthumba la inshuwalansi la boma la chigawocho. N'chifukwa chake zigawo zina zinatsegula njira yapambali. Florida mu 2019 inalemba khansa 21, ndipo wozimitsa moto amene wagwira zaka 5 zotsatizana, wosagwiritsa ntchito fodya m'zaka 5 zapitazo, amalandira madola 25,000 kamodzi ndi kubwezeredwa ndalama zimene wawonjezera za m'thumba mwake kuchipatala, m'malo modzera njira ya chipukuta misozi cha pantchito. New York inakhazikitsa inshuwalansi yofanana nayo ya odzipereka kuyambira January 2019. Njirayi imathandiza mzinda kudziwiratu mtengo, ndipo wodwala sakoka mlandu wofufuza gwero la nthenda yake.

Mukayang'ana mmene malamulowa anabwerera, nthawi zambiri anawakankha ndi odwala eni ake. La ku Ohio, losainidwa mu January 2017, limatchedwa dzina la Michael Louis Palumbo Jr., kapitawo wa ozimitsa moto amene analimenyera akudwala khansa ya muubongo, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Ngakhale amene anakumba m'mabwinja a World Trade Center, nyumba zosanja za ku New York zimene zigawenga zinagwetsa, sanapatsidwe mosavuta. Lamulo la Zadroga, lowathandiza pa matenda, linasainidwa mu January 2011 mulibe khansa, ndipo khansa inalowamo mu 2012. Dipatimenti ya ozimitsa moto ya New York inataya anthu 343 pa 11 September 2001. Pofika September 2023, omwalira ndi matenda a fumbi la pamalopo anafikanso 343. Ozimitsa moto olembedwa ndi boma lalikulu la America, monga a m'nkhalango ndi a m'malo a asilikali, anadikira mpaka December 2022 kuti nawo apatsidwe lamulo losamutsa umboni.

Panopa ntchito yaikulu ili pa kuwerenga ndi kuchapa. Lamulo la 2018 linalamula kuti ku America kukhale kaundula wa dziko lonse wa khansa ya ozimitsa moto, ndipo NIOSH inamutsegula mu 2023, cholinga china n'choti amayi ndi odzipereka aoneke m'ziwerengero. Canada inavomereza lamulo la dongosolo la dziko lonse pankhaniyi mu June 2023. M'masiteshoni ambiri malangizo asintha: osavula chophimba kumaso mpaka phulusa litazizira, kupukuta khosi ndi manja pamalo pomwepo, kuika zovala zakuda m'thumba lomanga, kusamba ola lisanathe, kukhala ndi zovala ziwiri kuti china chikamachapidwa china chivalidwe, kulumikiza payipi kugalimoto kuti utsi wa dizilo uzitulukira panja. Mabungwe awo amalimbikitsanso aliyense kusunga kaundula wakewake wa moto uliwonse: tsiku, malo, chimene chinkapsa, ndi nthawi imene anakhala mkati. Chifukwa chake n'chakuti ngakhale ku California ndi ku Pennsylvania wodwala amayenerabe kusonyeza kuti anakumana ndi mankhwala oyambitsa khansa pantchito, ndipo funso limeneli lingadzabwere patatha zaka 25, siteshoni itasamuka, mafayilo atatayika, anzake a pashifiti atamwazikana.